Tambala wa Pamlongoti

Basi yochokera ku Brussels inamutsitsa Veerle pafupi ndi tchalitchi cha Goorbeek masana a Lamulungu, ndipo pochoka inanyamula phokoso lonse la m'mudzimo n'kupita nalo. Anthu a mumzinda amabwera kuno pa njinga zawo zonyezimira kudzafuna chete ameneyu. Amajambula ng'ombe ndi minda ya maapozi, n'kumauzana kuti kuno ndiye kuli mtendere. Veerle anabadwira konkuno, ndiye ankadziwa kuti Goorbeek akati zii si kuti kulibe nkhani, koma kuti aliyense waimva kale. Makatani a m'mawindo ankagwedera nyumba ndi nyumba pamene ankadutsa, chikwama cha uta chili kumsana.

Anachoka m'mudzimu kalekale ndipo ankayendetsa tiramu, sitima ya m'misewu, mumzinda. Kwawo ankabwera mwa apo ndi apo, koma tsiku lopeza mfumu ya gulu la oponya mivi sankalijomba. Mlongoti wa gululo uli m'dambo la kuseri kwa bala ya mayi Zulma, ndipo utali wake umapikisana ndi nsanja ya tchalitchi. Masiku ena amasomekapo timbalame tambirimbiri ta timitengo tomata nthenga, koma tsiku la mfumu amasomekapo tambala mmodzi yekha, pansonga penipeni. Woponya amaima patsinde, khosi chagada, n'kuloza muvi wake wopanda nsonga kumwamba. Amene wagwetsa tambalayo amavala unyolo wasiliva chaka chonse, ndipo akagwetsa zaka zitatu zondondozana amakhala mfumu ya mafumu mpaka imfa yake.

A Fiel Vanderkelen, bambo ake a Veerle, anali atagwetsa zaka ziwiri. Bambo awo, agogo ake a Veerle, nawonso anafika pomwepo, chaka chachitatu n'kuphonya, ndipo analowa m'manda akuitukwanabe mphepo ya tsiku limenelo. Tsono nyengo yozizira yapitayi a Fiel anagona m'chipatala. Anatulukamo jekete likulendewera m'mapewa, dzanja lamanzere likunjenjemera. Zimene madokotala ananena Veerle ankazidziwa, mudzi wonse unkazidziwa, ndipo panalibe wozitchula.

Pakhomo la bala anapeza a Cyriel akumudikirira. A Cyriel anali mkulu wa gululo, munthu wamimba yake amene anakalambira m'butchala. Ndi iwowa amene anakana kwamtuwagalu kuti akazi alowe m'gulu, amvekere uta si singano yolukira juzi, ndipo chilowereni Veerle anali asanamupatsepo moni wa mano oyera. Lero anamugwira paphewa, kumufunsa za ulendo, mpaka kufuna kumulandira chikwama. Veerle anadziwiratu kuti pali nkhani.

Anamukokera m'kanjira kosungiramo makireti a mowa, n'kutsitsa mawu.

"Tamvera kuno, mwana iwe. Tonse tamanga mfundo imodzi. Lero aliyense aponye ndithu, koma muvi uzidutsa pambali. Tambala ndi wa bambo ako."

Veerle anafunsa ngati eni akewo akudziwa. A Cyriel anati adziwa bwanji, ndipo asayerekeze kukawatsina khutu. Anapitiriza kufotokoza kuti ngakhale ndi uta wopepuka muvi wa a Fiel ukumafika pamwamba utatopa, choncho m'mawa posomeka tambalayo sanamukhomere ndi nyundo monga mwa nthawi zonse. Angomukhazikapo basi. Muvi ukangomukhudza, agwa.

"Nanga akatulukira?"

"Chaka chamawa kulibe, Veerle. Iwe ukudziwa bwino kuposa ine."

Maso a bambowo anali atalengeza misozi, ndipo zimenezo n'zimene zinamufooketsa. Akanakhala kuti amulankhula mwamwano monga kale, akanawayankha. Anangogwedeza mutu movomera, mtima utadzaza chisoni, ndi kamanyazi kena kamene sanafune kukafunsa kumene kachokera.

Bambo ake anawapeza pa tebulo lawo la pakona, unyolo uli pachifuwa, timbale tasiliva ta maina a mafumu akale tikulira akamapuma. Wina anali atawaikira khushoni kumsana. Wina anali atawanyamulira uta. Mayi Zulma, amene pa moyo wawo wonse sanaperekerepo munthu mowa pa tebulo, anabwera okha ndi tambula ya mowa wowawasa wa kumeneko n'kuwafunsa ngati mphepo ya pawindo sikuwavuta.

"Wafika, wa m'tauni? Khala apa uone zodabwitsa," anatero a Fiel.

Anakweza mawu n'kuitana a Cyriel kuti mgolo, n'kuwafunsa ngati mimbayo ikuwalolabe kuona nsapato zawo. Mu bala monse anaseka kaulemu. A Cyriel anamwetulira n'kunena kuti zoona, Fiel, zoona, mimbayi yakula. A Fiel anawayang'ana mpaka a Cyrielwo anatulukira panja, kenaka anatembenukira kwa mwana wawo.

"Waona? Munthu ameneyu wanditukwana kuyambira tili m'makabudula. Lero m'mawa wandifunsa ngati ndagona bwino. Ine ndinkayesa maliro amayamba munthu atafa."

Veerle anawauza kuti akuoneka bwino, ndipo mawuwo atangotuluka anazindikira kuti walankhula ngati ena onsewo. Bambo ake anamwa mowa wawo osamuyang'ana.

Ng'oma italira anthu anandandalikana kupita kudambo, mbendera ya gulu patsogolo, mfumu pambuyo pake. Anazungulira mlongoti monga mwa mwambo, oonerera n'kulowa m'chisakasa cha waya chimene chimateteza mitu ku mivi yobwerera pansi. Kutali pamwamba tambala anali ndi nthenga zofiira, akuoneka wamng'ono ngati chala.

Mfumu ndiyo imayamba. A Fiel anakana mpando umene anawabweretsera, n'kukaima patsinde. Anakoka uta pang'onopang'ono, dzanja lamanzere likuvina, ndipo muvi unakwera n'kudutsa pambali pa tambala. Anthu anaomba m'manja. Chiyambire gululi munthu anali asanaomberedwepo m'manja chifukwa chophonya. Wophonya amafunsidwa ngati akusaka ndege zopita ku Brussels, kapena ngati ali ndi mangawa ndi angelo. A Fiel anacheuka n'kuyang'ana manja oombawo ngati akuwerenga eni ake.

Anatsatira ndi Wannes, mlimi wamapewa otambalala amene amagwetsa mbalame ngakhale kukuomba chimphepo. Muvi wake unadutsa kutali koti ngolo ikanatha kupita pakati. Anapukusa mutu n'kudandaula za mphepo. Wotsatira naye anadandaula za mphepo. A Cyriel anaponya mwachangu ngati uta ukuwaotcha, nawonso n'kuyang'ana kumwamba mokwiyira mphepo. Anthu a ku Goorbeek amatha kusunga chinsinsi zaka makumi, koma sewero sadziwa ngakhale pang'ono. Utsi wa pa chumuni ya mayi Zulma unkakwera tolotolo, ndipo mbendera ya gulu inali italendewera pamtengo wake osagwedera.

Nthawi ya Veerle inakwana. Anaponda pamene bambo ake anamuphunzitsa kuponda ali kamtsikana, masiku amene ankabwera naye kuno m'mawa anthu ali ku misa kuopa pakamwa pa a Cyriel. Anakoka chingwe mpaka pamlomo. Tambala anakhala bwinobwino pamwamba pa mutu wa muvi, ndipo mkono wake unadziwa kuti akangomasula zala zatha. Anasuntha chigongono pang'ono, n'kumasula. Muvi unadutsa pambali, n'kukagwera mu udzu kumapeto kwa dambo.

Pobwerera m'chisakasa anadutsa pafupi ndi bambo ake. Iwo sanatembenuke, maso anali pamlongoti.

"Chigongono chimenecho sichinanjenjemere. Wachisuntha wekha," anatero chapansipansi. Anawonjezera kuti, "Nawenso, Veerle?"

Kenaka a Fiel anapita pa mpando umene anaukana uja, n'kukhala, uta n'kuuika pansi mu udzu. A Fiel sankalola uta kugona pansi, ndipo Veerle ali mwana anakalipiridwapo koopsa chifukwa cha zimenezo.

Manyazi anamugwira Veerle mpaka m'makutu, ndipo atangodutsa manyaziwo kunabwera ukali. Anakwiyira a Cyriel, anakwiyira Wannes ndi mphepo yake yabodza, anakwiyira khushoni ya mayi Zulma, koma koposa onse anadzikwiyira yekha. Anthu onsewa ankawakonda bambo ake, zimenezo sanazikayike. Koma anali atayamba kale kuwaperekeza, mwaulemu, mwakachetechete, monga mmene Goorbeek amachitira chilichonse, ndipo iye anali atagwirako chogwirira cha bokosi la maliro. Chete chete sautsa nyama. Oponya onse atatha ndipo a Cyriel akukonzeka kuitana mfumu kuti iyambenso, Veerle anatuluka m'chisakasa n'kukaima patsinde la mlongoti wopanda uta.

Lamulo lakale la gululi limati woponya aliyense angathe kupempha kuona tambala anthu asanayambenso kuponya. Panalibe wamoyo amene ankakumbukira tsiku limene lamulolo linagwirapo ntchito. Veerle anapempha kuti mlongoti utsitsidwe.

A Cyriel anayesa kuseka. Anati nthawi yatha, anati dzuwa likupendeka, anati tambala anamusomeka okha ndi manja awo ndipo sanayambe lero kusomeka atambala. Atayandikira anatsitsa mawu n'kumufunsa ngati wapenga.

"Tsitsani mlongoti, a Cyriel. Kapena mukufuna ndinene chifukwa chake pano, anthu onse akumva?"

"Ukuwapha bambo ako, mtsikana iwe."

"Mwawapha kale ndinu. Ine ndikufuna ndiwadzutse."

M'chisakasa munabuka manong'onong'o. Wina anati mzinda wamudya mtima. Mayi Zulma ananena mokweza ndithu kuti mlendo wa tsiku limodzi asabwere kudzaphunzitsa anthu kusamala wodwala amene akumuona tsiku ndi tsiku. Mawu amenewo anamulasa Veerle chifukwa anali oona, koma sanasunthe. Ataona kuti palibe wopita ku chopukusira chotsitsira mlongoti, anapita yekha n'kuyamba kupukusa. Chingwe chachitsulo chinalira, mlongoti n'kuyamba kuwerama pang'onopang'ono. Unali wolemera, mapewa ankamuwawa, ndipo amuna amene akanatha kuutsitsa akuimba mluzu anangoima manja m'matumba.

Nsonga itafika pansi anapita n'kumugwira tambalayo ndi zala ziwiri. Anazuka ngati dzino la mwana logwedera kale. Veerle anamukweza m'mwamba kuti aliyense aone, ndipo dambo lonse linazyolika.

A Fiel anadzuka pa mpando. Anayenda okha kudutsa udzu wonsewo, ndipo nthawi ino panalibe amene anayerekeza kuwagwira mkono. Anamulandira tambalayo, kumutembenuza, kusuzumira pabowo, kenaka n'kuyang'ana mnzawo wa m'makabudula.

"Tinkachitira iwe, Fiel," anatero a Cyriel.

"Ndikudziwa. Ndipatseni nyundo."

Wannes anathamanga kukaitenga. A Fiel anamusomeka tambalayo pachitsulo n'kukweza nyundo, koma dzanja logwirizira linkanjenjemera ndipo anamenya pambali. Anayesanso, chimodzimodzi. Anamupatsa Veerle nyundoyo, iwo n'kugwira tambala ndi manja onse awiri. Veerle anamenya. A Fiel anamuuza kuti amenyenso. Anamenyanso.

"Zamasewera zimenezo. Menya monga mmene mgolo uyu anamenyera chaka chimene ankaopa kuti ugwetsa ndiwe."

Wina m'chisakasa anaphulika kuseka, n'kudzitseka pakamwa. A Cyriel nkhope inafiira mpaka pa dazi. Veerle anamenya mpaka tambala anakhala ngati anamera pomwepo, ndipo pokweza mlongoti amuna anayi anabwera kudzathandiza osaitanidwa.

A Fiel anatola uta wawo mu udzu, kuupukuta ndi mkono wa jekete, n'kukaima patsinde. Anakoka. Dzanja linavina monga poyamba, koma anadikira, khosi chagada, mpaka kanthawi kamene linaima. Muvi unakwera molunjika ndipo kumwambako kunamveka kuti pho. Tambala ananjenjemera, chitsulo chonse chinagwedezeka, nthenga imodzi yofiira n'kuthothoka. Koma tambalayo sanagwe.

Panalibe woomba m'manja. Aliyense ankadziwa kuti tambala wa m'mawa uja akanakhala ali pansi, ndipo a Fiel akanakhala mfumu ya mafumu pa muvi woona, wolasa pakati penipeni. Mayi Zulma anayamba kulira poyera. Maso ambiri anatembenukira kwa Veerle, ndipo iye anawalandira onse osaweramitsa mutu. Bambo ake anadikira nthenga ija mpaka inatera, anaitola, n'kuisomeka pachipewa.

Kuyambira pamenepo za mphepo zinatha. Wannes anaponya ndi mtima wonse, muvi n'kupala chitsulo pansi pa tambala. Ena nawo anayamba kuponya zenizeni, mwina chifukwa cha manyazi, mwina chifukwa mkono wa woponya sukhalitsa m'bodza. Tambala anagundidwa kangapo osagwa. A Fiel ankabwerera patsinde nthawi iliyonse ikakwana, koma mphamvu inali itathera pa muvi uja. Muvi wotsatira unafika pansi pa tambala n'kubwerera. Winawo sunafike n'komwe. Thukuta linali pamphumi, milomo itayera, ndipo mpando anali ataukankhira kumbali ndi phazi.

Dzuwa litatsika kuseri kwa mitengo ya m'mphepete mwa dambo, nthawi ya Veerle inakwananso. Wannes anali atangomugwedeza tambalayo, ndipo aliyense ankaona kuti wapendekera, wangotsala muvi umodzi wabwino. Pambuyo pa Veerle panali okalamba awiri osaona bwino, kenaka mfumu. Akaphonya, tambalayo akhoza kudikira bambo ake, ndipo mwina muvi wotopa ukanakwanira. Anthu anaziona zimenezo, iyenso anaziona. Akuluakulu amati mbalame ikakhala pauta silasika, ndipo Veerle anamva kulemera kwa mawuwo m'mkono. Akanatha kuphonya mwaluso, mudzi wonse n'kumukhululukira zonse za tsikulo.

Anacheuka. Bambo ake sankayang'ana tambala. Ankayang'ana chigongono chake.

Anakoka chingwe mpaka pamlomo, chigongono osachisuntha, n'kumasula. Tambala anadumpha pachitsulo, n'kutsika akuzungulira, nthenga zofiira zikuphiriphitha, mpaka anagwera mu udzu pafupi ndi chisakasa.

Woimba ng'oma anakweza timitengo n'kuyang'ana a Cyriel, a Cyriel n'kuyang'ana pansi. A Fiel anaima nthawi yaitali akuyang'ana nsonga yopanda kanthu. Veerle ankaidziwa nkhope imeneyo. Zinawapweteka. Ufumu wa mafumuwo ankaufuna ndithu, anaufuna kuyambira tsiku limene anaona bambo awo akubwerera kunyumba uta uli m'khwapa osalankhula ndi munthu, ndipo amene wawalanda anali mwana wawo yemwe. Veerle anamva kuwawa mumtima, koma sanalakelake kuti muviwo ubwerere.

Kenaka a Fiel anagwira unyolo kuti auvule, pakuti mfumu yakale ndiyo imaveka yatsopano. Dzanja lamanzere linakana kukwera, unyolo n'kukodwa pakhutu ndi pachipewa. A Cyriel anafulumira kudzathandiza.

"Choka apa, mgolo iwe. Manja ako akununkhabe nkhumba."

"Mgolo ndiwe, nkhalamba yopanda mano! Walephera kugwetsa nkhuku yamtengo, lero ukulepheranso kuvula mkanda ngati mkwatibwi!"

Mawuwo anatuluka okha, a Cyriel asanawaganize, ndipo anatsala kukamwa yasa. A Fiel anawayang'ana, mapewa n'kuyamba kugwedezeka. Anaseka mpaka kutsokomola, kutsokomola mpaka misozi, akugwira mimba ya a Cyriel kuti asagwe. Atapuma anawauza kuti kulephera kwawo kunali pafupi ndi tambala, pamene muvi wa a Cyriel mpaka pano akuufunafuna ku Brussels. Wannes anaponyamo lake, wina anayankha, ndipo dambo limene linakhala chete masana onse linadzaza ndi mwano.

Unyolo a Fiel anauvula okha. Veerle anawerama, ndipo anamva timbale tasiliva tikumugwera pachifuwa, tikadali tofunda. Zala za bambo ake zinachedwa pakhosi pake, zikukonza zimene zinali kale bwino.

"Uziupukuta kumzinda kwanuko, usaudetse ndi utsi. Chaka chamawa ndikubwera kudzautenga."

Amene anali pafupi anamva, ndipo ena anayang'ana kumbali. Veerle anawayang'ana bambo ake m'maso, nthenga yofiira ili pachipewa.

"Mudzabwere ndi mkono, Bambo. Sindidzakupatsani waulere."

A Fiel anagwedeza mutu, n'kutembenukira kwa woimba ng'oma kumufunsa ngati akudikira kuti wina amuimbire.